Nsomba ya Mayeso

Kuyambila pa mlatho wa Luangwa mpaka kumalile a Petauke ndi Katete, palibe mwana wa munthu amene anazunzikapo chifukwa cha luso la zojambula monga mmene ndinazunzikila ine. Mawu amenewa ndawayeza bwino, ndipo amene adzalembe mbili ya dziko lino asadzawadumphe. Ena analowa ndende chifukwa cha ufulu, ena anayenda pansi mpaka kumigodi. Ine ndinakhala pampando m'mawa wonse ndikuyang'anizana ndi nsomba.

Tsono kunena zoona, luso ndikulitamali ndinalisankha chifukwa linkaphunzilidwa pamthunzi. Titalowa Fomu 4 pa sekondale ina yogonela komweko ku Petauke, anatiuza kuti aliyense atenge phunzilo limodzi lowonjezela: zaulimi, zamatabwa kapena zojambula. A zaulimi anali ndi munda wa sukulu ndi khola la nkhumba. A zamatabwa ankabwela ku chakudya atamanga zala ndi sanza. A zojambula ankangokhala pansi. Ndiponso kuti mumudziwe bwino amene akukusimbilaniyu: ku koleji ya aphunzitsi ndinakhalako matemu awili okha, ndinachokako ndisanaphunzitse mwana aliyense ngakhale chilembo chimodzi, ndipo ntchito yanga yaikulu imene anthu anaionapo ndi tambala wa pakhoma la golosale ina ku Nyimba, amene makasitomala ambili amati ndi nkhanga.

Kwathu ndi ku Ndake, kumene mwana wamwamuna akasinkhuka amamubeleketsa pampu ya mankhwala a thonje. Atata anali nayo imodzi yodontha cha pa lamba wakumanzele. Woibeleka ankabwela kumunda malaya atanyowa, msana ukuyabwa, maso ali psuu, ndipo chakudya chilichonse tsiku limenelo chinkamveka mankhwala. Pampuyo inkapachikidwa pakhonde, pamalo oti ndikabwela ku holide iyambe ndiyo kundilonjela.

"Ukapasa upite ku koleji," anatelo atata. "Ukafeluka, iyo apo. Sinidzakukalipila ayi. Nidzangokufupikitsila lamba."

Pofika Fomu 5, masamu anali atandikana poyela, ndipo sayansi tinkangopatsana moni. Kuti koleji ikutenge unkafunika kupasa bwino maphunzilo angapo, ndipo ine powelenga pa zala ndinkapeza kuti chala chimodzi chikusowa. Chalacho chinali zojambula. Phunzilo lomwe ndinalitenga kuti ndizipumilamo ndilo linatsala lokha pakati pa msana wanga ndi pampu.

Aphunzitsi athu a zojambula anali munthu wamfupi wa ku Katete, amene anapitako kunja kwa miyezi yowelengeka ndi kubwelako ndi mpango wa m'khosi. Mpangowo sankauvula ngakhale mu Okutobala. Anali ndi lamulo limodzi, ndipo ankalinena ngati akudalitsa chakudya: "Jambula chimene ukuona. Chimene ukudziwa chisiye panja ndi nsapato." Ukajambula botolo kuchokela m'mutu ankadziwa asanafike n'komwe pa desiki yako. Ankakutsina khutu, kukutembenuzila mutu kumene kuli botolo, ndi kukusiya utayang'ana komweko.

Zoti tione ndiye zinali zochepa. Tinajambula botolo. Tinajambula nyali ya palafini yopanda galasi. Tinajambula nsapato za aphunzitsiwo, iwo atakhala pakona ndi masokosi obooka, ndipo m'kalasimo munkamveka kuti nsapatozo zayendadi. Kukasowa china chilichonse ankati aliyense ajambule dzanja lake lakumanzele. Dzanja limenelo ndinalijambula lotambasula, lofumbata, loloza, logwila pensulo ina, mpaka ndinayamba kudana nalo. Penti anatiuza kuti kulibe m'dziko lonse. Tinali ndi kachitini kamodzi ka penti waufa wofiilila ngati chulu, moti thambo, madzi, masamba ndi nkhope ya munthu zonse zinkatuluka zamtundu wa chulu. Mabulashi atatha ubweya tinkatafuna timitengo ngati totsukila mano. Mapepala anali a mayeso akale a jogilafe, kuseli kwake, ndipo ukaunika padzuwa nsapato ya aphunzitsi inkaoneka itaponda mapu.

Holide ina ndinafuna kuonetsa atata kumene ndalama za thonje zikupita. Ndinakhala pakhola tsiku lonse ndikujambula ng'ombe yathu yolimila. Atata analitenga pepalalo, kuliyang'ana nthawi yaitali, ndi kunena kuti ng'ombe yoima chonchi sifika Lachisanu. Kenako analiyamikila pepalalo kuti ndi lofewa bwino. Madzulo ake ndinaona miyendo yakumbuyo ya ng'ombe ija ikufuka utsi pakamwa pawo, atakulungilamo fodya.

Mayeso a masiku amenewo ankachokela ku Mangalande, ndipo zolemba zathu zinkapita komweko kukachongedwa. A zojambula anali ndi mwambo wakewake. Kunkayamba kubwela pepala louza aphunzitsi zinthu zoti aike patebulo, kuti pa tsiku la mayeso ophunzila azipeze zitakonzedwa kale. Tsikulo ankasankha ndi ahedi, malinga lisapitilile nyengo imene azunguwo anaika. Chaka chathu pepalalo linati: nsomba yaiwisi yathunthu, pa mbale yoyela, pambali pake zipatso, pansi pake nsalu.

M'kalasi tinalimo asanu ndi mmodzi. Aphunzitsi anatiyang'ana mmodzimmodzi, maso awo n'kuima pa ine.

"Iwe ndiwe wa ku Nyimba."

"Wa ku Ndake, aphunzitsi."

"Ni kumodzi. Nthochi zili kwanu, nsomba za Luangwa zipita kwanu. Mailo Loweluka unyamuke, Sande ubwele. Mayeso ni Lolemba."

"Kumsika kuno ziliko zouma."

"Pepala lati yaiwisi. Ndipo isakhale mlamba, nifuna ya mamba. Usaipale, usaitumbule. Ukaitumbula mimba idzafota, mzele wa pansi udzaonongeka. Wamva? Mzele wa pansi ndiwo nsomba."

Panali mtsikana wina wa ku Kaumbwe amene ankakhala desiki ya kutsogolo kwanga, wa pakamwa posachedwa. Anatembenuka. "Wewo mwana wa nthochi, lelo akupeza nchito yokuyenela. Usadye mayeso panjila."

Ndinakwela lole ya chimanga. Ku Nyimba ndinapeza bambo wina amene anali atangofika pa njinga kuchokela ku Nyalugwe, nsomba atazikulunga mu udzu wonyowa. Anati zagwidwa mailo. Mawu amenewo kwathu amatanthauza dzulo ndiponso mawa, koma nsomba ili m'manjayo sinkasiya chikaiko. Ndinasankha yaikulu, yotalika ngati kuchoka pa chigongono kufika kunsonga za zala, ya mamba onyezimila ndi diso loyela bwino. Inali nsomba yokongola. Ndikufuna zimenezi zidziwike, chifukwa anthu amene anaiona ili choncho tilipo ochepa.

Ndinakagona kwathu. Amama ataiona anatenga mpeni.

"Bweletsa kuno niitumbule, niiwambe isanayambe kulankhula."

"Si yodya, amama. Ni ya mayeso."

"Mayeso odya nsomba?"

"Oijambula."

"Ukatha kuijambula adye ndani?"

"Palibe."

Amama anabweza mpeni pa denga la khichini mosafulumila. Atata, amene ankamvetsela ali pakhonde pansi pa pampu yawo, anafunsa ngati kwa azunguko mitsinje inauma. Ndinawafotokozela za mzele wa pansi. Anagwedeza mutu ngati amva, kenako anauza amama kuti mwanayu m'patseni nthochi apite, asanatiphunzitse zina. Nsombayo inagona m'saka lonyowa pambali pa mtsuko wa madzi, ndipo m'mawa amama anakana kundithandiza kuimanga. Anati iwo tchimo lotele salowamo.

Ndinafika kusukulu Sande dzuwa litapendeka. Aphunzitsi anandituma kwa amayi ophunzitsa atsikana zophikaphika kukabweleka mbale, ndipo amayiwo anandipatsa yadothi yoyela, ya mzele wabuluu m'mphepete, atandiyang'ana kaye kuyambila kumutu mpaka kumapazi. Titatelo tinakonza tebulo m'chipinda chathu cha zojambula. Aphunzitsi anayala nsalu, kuipinda makwinya atatu, kubwelela m'mbuyo, kutsinzina diso limodzi, kuchotsa khwinya limodzi. Nsomba anaigoneka mutu kumanzele. Phava la nthochi analisuntha kangapo kufunafuna pamene mthunzi wake ugwele pa mchila. Atakhutila anatenga choko ndi kuzunguliza mbale, kuzunguliza nthochi, kuzunguliza miyendo ya tebulo pansi pa simenti, kuti chinthu chikasuntha ngakhale pang'ono chidziwike.

Kenako anaitana ahedi. Ahedi athu anali munthu wamtali wosaseka, ndipo pa dziko lonse ankaopa zinthu ziwili: pepala lochokela ku Mangalande ndi Chipani. Anawelenga pepala lija mokweza, akuloza chinthu chilichonse ndi kiyi. Nsomba. Yaiwisi. Yathunthu. Mbale. Analamula kuti mawindo onse atsekedwe kuti wina asasuzumile mayeso, ngakhale theka la osuzumilawo linali litaima m'chipinda momwemo. Anasaina pepala lawo, anakhoma chitseko ndi loko wa sitolo, kiyi n'kulowa m'thumba la jekete. Chipindacho chinali cha malata opanda siling'i. Unali Okutobala.

Lolemba m'mawa, mapensulo titasongola, belu linalila losakhala la nthawi yake. Ahedi anaima pa asembule ndi kulengeza kuti wamkulu wina wa Chipani akudutsa kuchokela ku Lusaka kupita ku Chipata, ndipo sukulu yonse ikaime pa mphambano ya msewu waukulu kukamulandila. Maphunzilo onse aime. A zojambula alembe nsalu ya malonje.

Apa ndi pamene ndinaona chozizwitsa choyamba m'moyo wanga. Mu ofesi ya ahedi munatuluka zitini za penti wobiliwila, wofiila, wakuda ndi wachikasu, penti amene kwa zaka ziwili kunalibe m'dziko lonse. Munatulukanso mabulashi a ubweya weniweni. Tinagwada pakhonde kulemba zilembo zazikulu ngati mwana woyenda, ndipo pentiyo tinamumaliza yense chifukwa ahedi anati zilembo zioneke ali patali.

Tinaima pa mphambano kuyambila m'mawa mpaka mithunzi itatalika. Atsikana awili anakomoka. Wamkuluyo sanabwele. Anati mailo. Lachiwili tinapitanso, nyimbo zomwe zija, fumbi lomwe lija, ndipo madzulo anatinso mailo.

Tikubwelela tsiku limenelo ndinali kumbuyo kwa aphunzitsi athu pamene anawapeza ahedi panjila. Anakonza mpango wawo kaye.

"A hedi, nsomba ija."

"Yatani?"

"Ni nsomba, a hedi."

"Nidziwa kuti ni nsomba. Ninasaina kuti ni nsomba."

"Nimati mwina tingatsegule chabe windo limodzi."

"Chipinda cha mayeso chitsegulidwa pa tsiku la mayeso. Mufuna azungu amve kuti kuno timalowa m'mayeso usiku?"

"Iyayi, a hedi."

"Ndiye basi."

Lachitatu tinaimanso pachabe. Wamkuluyo anadutsa Lachinayi masana. Galimoto inachepetsa liwilo pang'ono, windo linatsika pang'ono, ndipo panatuluka dzanja. Nkhope sitinaione. Linali dzanja lakumanzele, lonenepa, la wochi, ndipo monga katswili wa chiwalo chimenecho ndinganene kuti linalibe chilichonse chovuta kujambula. Nsalu yathu mphepo inali itaipinda pakati, moti ngati anawelenga, anawelenga theka.

M'masiku amenewo fungo linali litayamba kale ntchito. Linayambila pakhonde la chipinda chathu, Lachitatu linafika ku laibulale, ndipo anyamata anayamba kunamizila nyemba za kukhichini. Agalu a kumakomboni a aphunzitsi anasamukila pakhomo pa chipindacho ndi kugona motsatana ngati odwala pachipatala. Ntchentche zinkalowa pa kampata ka pansi pa chitseko, ndipo sindinaone ngakhale imodzi ikutuluka. Mtsikana wa ku Kaumbwe uja ankandiloza kwa anzake. "Uyo mwini malilo," ankatelo. "Mukam'pepese."

Lachisanu ahedi anatsegula loko. Anakankha chitseko ndi phazi, ndi kubwelela m'mbuyo mofulumila kuposa mmene ndinawaonelapo akuyenda.

Fungo silinatuluke ngati fungo. Linatuluka ngati munthu wonenepa wotuluka m'basi, kukankha aliyense. Linali lotentha, lotsekemela pang'ono chifukwa cha nthochi, ndipo kutsekemelako ndiye kunkabweletsa malovu owawa m'kamwa. Mnyamata wina sanafike n'komwe pakhomo. Anakhotela kuseli kwa chipinda ndipo tinamumva. Nsomba ija inali itatupa mimba ngati mpila. Diso linali litalowa m'kati n'kusiya dzenje, ndipo m'dzenjemo munali mphutsi zikupanikizana. Mamba anali atatukuka ngati malata akale. Nthochi zinali zakuda bii, zitaphulika m'mbali, zikutuluka thovu. Madzi achikasu anali atadzaza mbale, kusefukila pansalu, kudumpha mzele wa choko ndi kudonthela pansi, pamene nyelele zinali zitakhazikitsa msika. Pamwamba pa zonsezi panali ntchentche zobiliwila zija, zonenepa, zaulesi, zosaopa munthu.

Aphunzitsi anakokela mpango wawo kumphuno. Kanali koyamba kuuona ukugwila ntchito.

"A hedi, nithamangile kumsika. Yaiwisi siningaipeze, koma youma yabwino—"

"Pepala lati yaiwisi."

"Iyi si yaiwisi, a hedi."

"Yaphikidwa?"

"Iyayi."

"Yawambidwa?"

"Iyayi."

"Ndiye ni yaiwisi. Chimene nasaina sichisinthidwa. Ana alowe."

Tinalowa. Woyang'anila mayeso, mphunzitsi wa mbili yakale, anatiwelengela malamulo ali pakhomo, mwachangu ngati wothawa mvula, kenako ananyamula mpando wake kukakhala pansi pa mtengo wa mango, pamene ankatha kutiona pa windo. Mawindo anatsegulidwa tsopano, koma mphepo kunalibe. Penti anali atathela pa wamkulu wa Chipani, choncho tinajambula ndi pensulo. Chimenecho chokha ndicho chifundo chimene tinachilandila, chifukwa mitundu imene inali pa mimba ya nsombayo sindikhulupilila kuti ili m'chitini chilichonse.

Malo anga anali kutsogolo, kumbali ya mimba. Ndinayesa kupumila m'kamwa, koma potelo fungo linkasanduka chakudya. Ndinabwelela kumphuno.

Mtsikana wa ku Kaumbwe anali atamanga kansalu kumphuno, ndipo patebulo sanayang'anepo ngakhale kamodzi. Mutu uli pansi, pensulo ikuthamanga. Nditasuzumila ndinaona nsomba yonenepa bwino, ya diso lowala, mamba ali m'mizele ngati asilikali, yofanana ndi ya m'buku la sayansi. Nthochi zake munthu ukanasenda.

"Ukujambula chiyani?" ndinanong'ona.

"Nsomba."

"Si iyo ili apo."

"Mzungu aliko kuno? Jambula malilo ako, newo nifuna satifiketi."

Ndinaona kuti akunena zanzelu. Munthu wokhala ku Mangalande, amene analemba yekha kuti nsomba yaiwisi, akalandila chithunzi cha chinthu chotupa chopanda diso adzati mwana uyu sadziwa nsomba. Adzalemba nambala yoipa, adzapita kukamwa tiyi, ndipo ine ndidzafupikitsilidwa lamba. Ndinatsimikiza mtima kuti nanenso ndinama.

Ndinatsinzina kuti ndikumbukile nsomba ija mmene inalili ku Nyimba. Ndinajambula. Chinatuluka chinthu chonga nsapato ya aphunzitsi. Ndinafuta ndi labala, kuyesanso, ndipo chinatuluka chonga chinangwa chokhala ndi mchila. Apa ndinazindikila chimene zaka ziwili za kutsinidwa khutu zinandichita. M'mutu mwanga munalibe chithunzi chilichonse. Dzanja langa linkayenda pokhapokha diso likaliuza koyenda, ndipo diso likatsinzina dzanja linkasochela ngati mbuzi ya eni. Anthu ena amanena zoona chifukwa cha chikumbumtima. Ine ndinanena zoona chifukwa bodza linandikanika.

Ndinatembenukila kutebulo ndi kuyang'ana. Kuti ujambule chinthu uyenela kuchiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene chimafunila, ndipo palibe munthu anayang'anapo nsomba yowola monga ndinaiyang'anila ine. Ndinayeza kutupa kwa mimba ndi pensulo, mkono nditatambasula, diso limodzi nditatsinzina, monga anatiphunzitsila. Ndinajambula dzenje la diso. Ndinajambula mamba otukuka limodzilimodzi, ndi kunyezimila kwa madzi a m'mbale, ndi banga la pansalu. Mayesowa anali a zinthu zosayenda, koma mphutsi sizinauzidwe. Ukaijambula ili pa mlomo, podzutsa mutu yafika pa mphuno. Ndinagwilizana nazo kuti iliyonse ndiziilemba pamene ndaipeza koyamba. Ntchentche imodzi inatela pa pepala langa, kuyenda pa mchila wa chithunzi, ndi kusiya kadontho. Kadonthoko ndinakasiya. Kanapita ku Mangalande.

Mzele wa pansi ndinaumaliza bwino kwambili. Unali wokhota mokoma, wolemela, mzele woti aphunzitsi akanauona akanavula mpango. Ndikuupaka mthunzi, panamveka kaphokoso kakang'ono ngati munthu waulemu akuyetsemula m'chalichi. Mimba ija inang'ambika. Zimene zinatuluka sindizilemba, chifukwa bukuli mwina ena aliwelenga akudya. Nsombayo inafota pang'onopang'ono tikuona, ndipo fungo loyamba lija tinayamba kulikumbuka ngati nthawi ya mtendele. Anyamata awili anatuluka osabwelanso. Mtsikana wa ku Kaumbwe anati "Mayo," osadzutsa mutu, n'kupitiliza kukongoletsa nthochi zake.

Ine ndinayang'ana chithunzi changa, ndinayang'ana tebulo, ndipo sizinalinso zofanana. Ndinatenga labala ndi kufuta mzele wabwino koposa umene ndinajambulapo m'moyo wanga. Ndinajambula watsopano, wofota, ndi zonse zimene zinali pansi pake. Woyang'anila anaimba belu ali pansi pa mango pomwepo, ndi kutiuza kuti mapepala timupelekele panja.

Aphunzitsi analiyang'ana pepala langa asanaliike mu envulopu. Analigwila ndi nsonga za zala ngati nalonso likununkha.

"Mphutsi izi wazipatsa mthunzi kumbali yolakwika," anatelo. "Kuwala kuchokela ku windo."

Ahedi anaima patali ndi kuloza ine ndi kiyi. "Iwe unaibweletsa. Kaitaye."

Ndinayesa kuikankha ndi kamtengo kuti ichoke m'mbale, koma nsomba ndi mbale zinali zitagwilizana kale. Ndinagwila nsalu m'makona anayi, kunyamula zonse pamodzi, mkono nditautalikitsa mmene ungathele, agalu ali pambuyo panga mwaulemu. Ndinadutsa pakati pa sukulu masana, aliyense akundipatsa njila imene sanapatsepo ngakhale ahedi. Ku chimbudzi chokumba cha anyamata ndinamasula zala. Panapita kanthawi, kenako pansi panamveka kuti zafika. Manja ndinasamba ndi sopo, ndi phulusa, ndi mchenga, ndi masamba a mandimu, koma kwa mlungu wathunthu anzanga a m'chipinda chogona anakoka mabedi awo kunditalikila.

Zotsatila za mayeso zinkabwela mvula ili pafupi kutha. Thonje silidikila Mangalande. Atata anati popeza ndili pakhomo ndipo msana ulipo, ndiibeleke pampu ija mongoyembekezela. Ndinaibeleka dzinja lonse mongoyembekezela. Lamba sanafupikitse, anati zimenezo zidikile zotsatila, choncho inkandimenya m'matako mzele uliwonse wa thonje.

Uthenga utafika ndinakwelanso lole kupita ku Petauke. Pakhonde la ofesi ndinapeza mtsikana wa ku Kaumbwe akutuluka, pepala lake lili m'manja.

"Mwana wa nthochi, ukali moyo? Nsomba yanga yanipatsa 3."

Pa mayeso amenewo nambala yaing'ono ndiyo inali yabwino, ndipo koleji inkalandila mpaka 6. Ndinalowa. Kalaliki anafufuza m'mulu, anatulutsa pepala langa ndi kuligwila m'mwamba kuti ndione ndisanakhudze. Masamu anali monga tinapanganila. Pa zojambula panali 6. Mzungu uja anayang'ana zoona zonse zimene ndinamutumizila, mphutsi, dzenje la diso ndi kadontho ka ntchentche, ndipo anaona kuti zikuchepela bodza ndi masitepe atatu. Komabe 6 ndi 6. Chala chija chinakwanila, ndipo pampu inali itanditaya.

Ndinatambasula dzanja. Kalaliki anabweza pepalalo m'dilowa.

"Uyambe waonana ndi amayi a zophikaphika."

Amayiwo ndinawapeza akuphunzitsa atsikana kupinda nsalu za patebulo. Sanafunse dzina langa.

"Mbale yanga."

"Inapita ndi nsomba, amai. Ahedi anati nikataye."

"Anati ukataye chiyani?"

"Nsomba."

"Mbale ni nsomba?"

"Panthawiyo zinali zovuta kusiyanitsa."

Atsikana anaseka, amayiwo sanaseke. Ndinawauza kuti mbaleyo sinatayike kwenikweni, malo amene ili ndikuwadziwa bwino, ndipo ngati sukulu ili ndi chingwe ndi munthu wolimba mtima ndingamulozele. Anati ndingathe kusankha: kukaitenga ndekha, kapena kulipila, apo ayi pepala langa ligona m'dilowa mpaka ndidzamele imvi.

Ndinaganizila za chingwe chija mofatsa, monga munthu wophunzila. Kenako ndinamasula mfundo ya kansalu kamene amama anandimangila ndalama ya chakudya cha panjila, ndipo tsiku limenelo ndinabwelela ku Ndake ndi njala, pepala lili m'thumba la malaya. Mbaleyo inali 45 ngwee.